Kusakhazikika kwa Maganizo Pakati pa Akuluakulu: Zizindikiro Zake m'Banja

Chigwa cha Nkhamanga, m'boma la Rumphi, chagona pakati pa mapiri a Nyika ndi dambo la Vwaza, ndipo anthu ake ambiri amadalira fodya ndi chimanga. Aliyense amene adalimapo fodya adziŵa kuti mbeu imeneyi siyanjana ndi munthu woiŵalaiŵala. Nazale ifuna madzi m'maŵa ndi madzulo popanda kudumphitsa tsiku. Mbande zifuna kuokeredwa mvula ikangokhazikika. Tsamba lifuna kuthyoledwa pa nthaŵi yake, kusokedwa, kupachikidwa m'chigafa ndi kusankhidwa limodzilimodzi, kufikira belo litanyamuka ulendo wa ku msika wa ku Mzuzu. Thukuta la miyezi yambiri lingathe kupita pachabe kaamba ka mphwayi za masiku atatu okha.

Si chachilendo tsono kumva banja likukangana pa za kuiŵala ndi mphwayi, mpaka nkhani kufika kwa ankhoswe. Mai adandaula kuti bambo adachoka m'maŵa kukabwereka khasu kwa mnansi, nakathera tsiku lonse kumeneko akukonza njinga ya mwiniwake, uku nazale ikuuma. Bambo wina adandaula kuti mkazi wake apsereza ndiwo tsiku ndi tsiku, ataya buku la ku chipatala la mwana, ndipo chimene wauzidwa m'maŵa pofika masana chauluka. Akuluakulu akamva zotere sachedwa kupereka maina: uyu ndi mlesi, uyu ndi waphuma, uyu sadalangidwe bwino kwao. Nthaŵi zina maina ameneŵa amakhoza. Koma alipo amuna ndi akazi ena amene amayesetsa ndi mtima wonse, amene amagona usiku akudzidzudzula okha, komabe kukacha cholakwa n'kukhala chomwecho. Ena mwa anthu otere ali ndi vuto limene madotolo akhala akulidziŵa kwa zaka zoposa 200.

Vutoli ndi mbiri yake

M'Chingerezi vutoli limatchedwa attention deficit hyperactivity disorder, mwachidule ADHD. Tanthauzo lake ndi ili: munthu alephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthaŵi yokwanira, alephera kukhazika thupi pansi, ndipo achita zinthu asadaganizire za mathero ake. M'nkhani ino vutoli litchulidwa kuti kusakhazikika kwa maganizo.

Ena amayesa kuti ndi matenda a makono, obwera ndi mafoni ndi wailesi za kanema, koma mbiri yake ikana zimenezi. M'chaka cha 1798, dotolo wa ku Scotland, Alexander Crichton, adalemba za anthu amene maganizo ao amadumpha kuchoka pa ichi kunka pa icho, oti ngakhale galu akauwa amasokonezeka kotheratu. M'chaka cha 1902, dotolo wa ana, George Still, adakamba pamaso pa madotolo anzake ku London za ana anzeru zao ndithu koma olephera kudzigwira. Mu 1937, Charles Bradley wa ku Amereka adapeza kuti mankhwala ena odzutsa ubongo amakhazika mtima pansi ana otere m'malo moonjezera chipwirikiti chao. Bungwe la madotolo a matenda a maganizo la ku Amereka lidalemba vutoli m'buku lake mu 1980 ndi dzina lakuti ADD, ndipo mu 1987 dzinalo lidasinthidwa kukhala ADHD. Nalonso bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidaliika m'ndandanda wake wa matenda umene udayamba kugwira ntchito mu 2022.

Kwa nthaŵi yaitali vutoli linkayesedwa la ana okha, loti likatha lokha mwana akakula. Lero kwadziŵika kuti ambiri amakula nalo. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana aonetsa kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse ali nalo, ndipo mwa akuluakulu ndi aŵiri kapena atatu mwa 100. Ndiye kuti pa msonkhano uliwonse wa mudzi, pa mpingo, ngakhale pa chikondwerero cha Gonapamuhanya pa Bolero, sipalephera kukhala anthu angapo osenza katundu ameneyu osamdziŵa dzina.

Gwero lake

Gwero la vutoli lili mu ubongo. Mbali ya kutsogolo ya ubongo ndiyo imagwira ntchito ya kapitao: kusanja chimene chiyambe ndi chimene chitsatire, kusunga m'mutu chimene munthu wauzidwa kufikira atachichita, ndiponso kuletsa dzanja kapena pakamwa pamene mtima wafuna kuthamanga. Mauthenga a mu ubongo amayenda mothandizidwa ndi timadzi tina, ndipo tiŵiri mwa ito, dopamine ndi noradrenaline, timagwira ntchito mosiyanako mwa munthu wa vutoli. Nzeru ali nazo, chabwino ndi choipa achidziŵa, koma kapitao uja amagwira ntchito modukizadukiza.

Chachikulu chimene chimabweretsa vutoli ndi mtundu. Kafukufuku wa ana amapasa aonetsa kuti magawo oposa 70 mwa 100 a kusiyana kwa anthu pa nkhaniyi amachokera ku magazi a makolo. Motero kaŵirikaŵiri mwana akapezeka nalo, bambo, mai kapena malume amayamba kudzizindikira okha m'zimene dotolo akufotokoza. Zina zimene zimaonjezera mpata wa vutoli ndi kubadwa masiku asadakwane, kubadwa ndi sikelo yochepa, ndi kuvulala kapena kudwala kwa ubongo paubwana. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madotolo adatsata ana amene adapulumuka ku malungo a mu ubongo, ndipo zotsatira zimene adafalitsa mu 2010 zidaonetsa kuti ena mwa anawo adayamba khunyu, ena adasintha khalidwe nakhala osakhazikika ndi osamvera. M'dziko la malungo ngati lino, mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira.

Vutoli silibwera chifukwa cha kulodzedwa, ndipo si chilango cha cholakwa cha makolo. Kaleredwe kangathe kulipeputsa kapena kulikulitsa, koma sindiko kamalibala.

Zizindikiro za kubalalika kwa maganizo

Gulu loyamba la zizindikiro likhudza kumvetsera ndi kukumbukira. Munthu wotere ukamalankhula naye maso ali pa iwe, koma mtima uli kutali, ndipo pomaliza afunsa chomwe wangouzidwa kumene. Akatumidwa zinthu zitatu ku msika wa pa Bolero, abwera ndi chimodzi, kuonjezapo china chimene sadatumidwe. Chikwanje, makiyi, foni ndi chiphaso zimasoŵa m'manja mwake pafupifupi tsiku lililonse, ndipo banja lonse limasanduka gulu lofunafuna.

Ntchito amaziyamba ndi changu chodabwitsa, koma kumaliza n'kwapatali. Pakhomo pake pangathe kuoneka khola la nkhumba lofika m'chiuno, njerwa zoumba koma zosaotcha, ndi dimba lotipula theka. Ntchito zofuna kudekha ndi kubwerezabwereza, monga kusankha fodya, kuŵerengera ndalama za feteleza kapena kulemba mafomu a ngongole, amazizengereza mpaka tsiku lomaliza, kenaka n'kuzichita usiku mothamanga ndi zolakwa zambirimbiri. Nthaŵi siimveka bwino m'mutu mwake. Akati abwera posachedwa amanenadi zoona za mumtima mwake, koma dzuŵa limamloŵera ali komweko. Afika mochedwa ku tchalitchi, ku maliro, ku msonkhano wa kalabu ya alimi, ndipo nthaŵi zonse iye mwini amaoneka wodabwa kuti zatheka bwanji.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza a pabanja koposa zonse. Munthu yemweyo amene sangathe kukhala mphindi khumi pa kusankha fodya angathe kukhala maola asanu akumasula injini ya chigayo, kuseŵera bao kapena kusoka chovala, osamva njala, osamva kuitana. Mnzake wa pabanja akaona izi amati: "Si uyu akutha? Ndiye kuti zinazi amachitira dala." Komatu ichi nachonso ndi chizindikiro cha vuto lomwelo. Maganizo a munthu wotere amagwidwa ndi chinthu chatsopano, chokondweretsa kapena chadzidzidzi, ndipo iye alibe mphamvu zokwanira zoŵatembenuzira ku chinthu chofunika koma chosakoma.

Zizindikiro za phuma ndi kusakhala pansi

Gulu lachiŵiri likhudza thupi ndi kudzigwira. Mwana wa vutoli amathamanga ndi kukwera paliponse ngati wakhalira linthumbu. Mwa munthu wamkulu chipwirikiticho chimaloŵa mkati. Agwedeza mwendo, aseŵeretsa chilichonse chili pafupi, atuluka kaŵiri kapena katatu mapemphero ali mkati, ndipo akafunsidwa amati m'thupi mwake mumakhala ngati muli injini yosazima. Alankhula kwambiri, adula anzake pakamwa, ayankha funso lisadathe. Kudikira pa mzere ku chigayo kapena ku chipatala kumamuŵaŵa koposa anthu ena.

Phuma limaonekeranso pa ndalama. Fodya akagulitsidwa, ndalama zimene banja lidapangana kuti ndi za malata ndi sukulu fizi zingathe kuthera pa chinthu chimene wachiona tsiku lomwelo, ndipo chisoni chimabwera chinthucho chili kale pakhomo. Amasiya ntchito kapena malonda mwadzidzidzi n'kuyamba zina. Akale adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo mwambiwu umamgwera munthu wotere kaŵirikaŵiri, ngakhale kuti iye saufuna mtima umenewu. Ambiri amakhalanso a mtima wapachala: akwiya msanga pa kanthu kakang'ono, alankhula mau olasa, ndipo patapita kanthaŵi aiŵala, nadabwa kuona mnzao adakali wokhumudwa.

Si onse amene ali ndi magulu onse aŵiri a zizindikiro. Ena ndi ofatsa ndithu, ongokhala duu ngati akulota masana. Mtundu wofatsawu umapezeka kwambiri mwa atsikana ndi amai, ndipo popeza savutitsa munthu, sazindikirika msanga. M'kalasi la ana ochuluka mphunzitsi amaona mnyamata wosokosa, pamene mtsikana wongoyang'ana pa zenera amangolembedwa kuti ndi wofooka m'mutu. Vuto lake limadzaonekera atakwatiwa. Ku Nkhamanga, kumene mkazi amalowoledwa nakakhala kwao kwa mwamuna, mtengwa wotere amayang'anidwa ndi maso a apongozi ndi alamu tsiku lonse, kutali ndi abale amene adamzoloŵera chibadwire. Madzi osatunga, nsima yochedwa ndi ziŵiya zosatsuka zimasanduka mlandu wa mtundu wonse wa kwao.

Kusiyanitsa ndi kuiŵala wamba

Munthu aliyense amaiŵala, amachedwa, amakwiya. Womvera asathamangire kuloza chala mnzake chifukwa cha chizindikiro chimodzi kapena ziŵiri. Madotolo ali ndi miyeso imene amatsata, ndipo banja lingapindule poidziŵa.

Choyamba, vutoli limayamba paubwana. Malinga ndi buku la madotolo la mu 2013, zina mwa zizindikiro ziyenera kukhala zitaoneka munthu asadakwanitse zaka 12. Choncho mboni zabwino ndi makolo, azakhali, akulu ake kapena amene adaphunzira naye. Kodi adali mwana wotaya makope, woiŵala chimene watumidwa, wosiya ng'ombe kuloŵa m'munda wa eni ake iye ali kalikiliki ndi zina? Chachiŵiri, zizindikiro zikhale zambiri: mwa munthu wa zaka 17 kapena kuposerapo, zisachepere zisanu m'gulu limodzi, ndipo zikhale zitatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira. Chachitatu, zioneke pa malo aŵiri kapena ochulukirapo. Bambo amene amaiŵala za pakhomo pokha, koma ku ntchito ndi ku mpingo zonse zili m'malo mwake, vuto lake lifunidwe kwina. Chachinai, zikhale zikuonongadi moyo wake: ntchito, chuma, maphunziro kapena banja.

Munthu amene adali wadongosolo moyo wake wonse, ndipo wayamba kuiŵala ndi kubalalika chaka chino kapena chatha, ameneyo ali ndi china, ndipo afunika kuonana ndi dotolo msanga. Pali zambiri zofanana ndi kusakhazikika kwa maganizo. Matenda a kukhumudwa ndi nkhaŵa amalanda munthu chidwi ndi chikumbumtima cha zinthu. Moŵa ndi chamba zimachita chimodzimodzi. Kuchepa kwa magazi, njala, kusoŵa tulo, matenda a chithokomiro ndi matenda ena okhalitsa amafooketsa ubongo. Pali mtundu wina wa khunyu umene munthu sagwa pansi, koma amangoti zii kwa kamphindi, maso ali tong'o, osamva kanthu. Wina amayesedwa wosamvetsera pamene makutu ndiwo akufa pang'onopang'ono. Mwa okalamba, kuiŵala kumene kukunka kukulirakulira ndi matenda ena ndithu. Ndipo munthu amene kwa masiku angapo sagona, alankhula mosalekeza, amwaza chuma nadziyesa wamkulu koposa, pamene kale sadali wotero, akudwala matenda ena a maganizo ofuna chithandizo chamsanga.

M'madera a Atumbuka, munthu wosakhazikika mtima ena amamtengera ku ng'oma za vimbuza, gule wochiza amene bungwe la UNESCO lidamzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Banja lili ndi ufulu wosunga mwambo wa makolo ake. Chofunika n'chakuti njira ya ku chipatala isatsekeke, pakuti zina mwa nthenda zatchulidwazi zimachizika mosavuta zikapezeka msanga, ndipo zimapha zikachedwa.

Chimene vutoli limachita m'banja

Nthaŵi ya chibwenzi munthu wotere amakoma kwambiri. Ndi wansangala, wanthabwala, wodzala ndi maganizo atsopano, ndipo popeza chikondi ndi chinthu chatsopano, mtima wake wonse umakhala pomwepo. Ukwati ukakhazikika, maganizo aja amayamba kuuluka, ndipo mnzake amaona ngati chikondi chatha kapena kwabwera wina. Pang'ono ndi pang'ono iye amasenza zonse: kukumbutsa, kulondola, kubweza ngongole, kupepesa kwa anansi. Mapeto ake m'nyumba mumakhala ngati muli kholo ndi mwana m'malo mwa mwamuna ndi mkazi. Wokumbutsa amatopa nayamba kulalata. Wokumbutsidwa amachita manyazi nayamba kubisa zolakwa, kunama, kapena kuthaŵira ku moŵa. Aŵiri onse amavutika, ndipo aliyense amadziona kuti ndiye wolakwiridwa.

Zoopsa zake sizithera pa mikangano. Anthu a vutoli amagwa m'ngozi kaŵirikaŵiri kuposa anzao, ndipo amakodwa msanga mu uchidakwa ndi fodya wosuta. Kafukufuku wa ku Denmark wofalitsidwa mu 2015, amene adatsata anthu pafupifupi 2 miliyoni, adapeza kuti mpata wa kufa msanga udali woŵirikiza kaŵiri mwa anthu a vutoli, makamaka chifukwa cha ngozi. Masiku ano pamene achinyamata ambiri akuyendetsa njinga zamoto za kabaza m'miseu ya fumbi, nkhani ya phuma ndi kubalalika kwa maganizo ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Kayambidwe ka nkhani

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani yotere siyambidwa mkangano uli mkati, kapena pamaso pa ana ndi apongozi. Ifuna nthaŵi imene mitima ili pansi, aŵiri ali okha. Siyambidwa ndi dzina la matenda, pakuti munthu akangomva kuti akunenedwa za m'mutu amaganiza kuti akutchedwa wamisala, ndipo khomo limatsekeka pomwepo. Iyambidwe ndi zimene zikuoneka, ndiponso ndi kuvomereza kuti mnzakeyo akuyesetsa.

Mai angathe kunena kuti: "Bambo, ndimaona m'mene mumavutikira zinthu zikakusoŵani, ndipo ndikudziŵa kuti simuchitira dala. Kodi zimenezi mudayamba muli mwana? Bwanji tikafunse ku chipatala, ndikuperekezeni?" Bambo nayenso angati: "Mai, ntchito za pakhomo pano zikukupanikizani, ndaona. Tandiuzani chimene chimachitika mukaiŵala, kuti tione pothandizana." Kaŵirikaŵiri munthu amene wakhala akutchedwa mlesi kuyambira ali wamng'ono amapepukidwa mumtima akamva kuti chimene chimamvuta chili ndi dzina, ndi kuti alipo ena ambiri onga iye. Wina amakana poyamba. Ameneyo asakakamizidwe, nkhani ingathe kudikira tsiku lina, kapena kudzera kwa mbale amene iye amamkhulupirira. Ankhoswe ndi akulu a mpingo nawonso angathandize kwambiri ngati, asadagamule mlandu wa ulesi, atayamba afunsa za ubwana wa munthuyo.

Kumene kuli chithandizo

Mkazi kapena mwamuna angathe kuona zizindikiro, koma wogamula ndi dotolo. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene kumaonetsa vutoli. Dotolo amalizindikira pofunsa mwakuya mbiri ya munthu kuyambira paubwana, pomva umboni wa a pabanja, ndi poyeza thupi kuti achotse matenda ena aja. N'chifukwa chake kuli bwino kupita aŵiri, ndipo ngati n'kotheka, ndi kholo kapena mbale wamkulu.

Kwa anthu a ku Nkhamanga, poyambira ndi chipatala chapafupi, monga cha pa Bolero kapena cha ku Mwazisi, kumene angatumize munthu ku chipatala chachikulu cha boma pa Rumphi. Ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God, chimene chakhala chikusamala za matenda a maganizo m'chigawo cha kumpoto kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo chimathandiza ana, akuluakulu, ndi ofuna kusiya moŵa ndi mankhwala ozunguza bongo. Omvera a m'zigawo zina ayambire pa chipatala cha boma lao. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba.

Mankhwala alipo. Odziŵika kwambiri ndi methylphenidate, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Sachotsa vutoli kotheratu, koma amathandiza anthu ambiri kuika maganizo pamodzi pa maola amene ali m'thupi. Angathe kuchepetsa chilakolako cha chakudya, kusoŵetsa tulo ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, motero amaperekedwa ndi dotolo wodziŵa yekha, amenenso amamuona wodwalayo nthaŵi ndi nthaŵi. Ndi mankhwala otetezedwa ndi malamulo, ndipo sapezeka pa chipatala chilichonse. Munthu asagule mapiritsi pa msika kapena kumwa a mnzake. Mai woyembekezera kapena woyamwitsa, ndiponso munthu wa vuto la mtima, anene zimenezi kwa dotolo poyambirira. Uphungu nawo ndi chithandizo chenicheni, makamaka pamene kukhumudwa, nkhaŵa kapena moŵa zaloŵererapo.

Zimene banja lingachite pakhomo

Ngakhale kumene mankhwala kulibe, banja lingathe kusintha zambiri. Mfundo yaikulu ndi yakuti chimene mutu ukulephera kusunga chisungidwe kunja kwa mutu. Makiyi, chiphaso ndi mabuku a ku chipatala zikhale ndi msomali kapena thumba lake limodzi losasintha. Masiku a sikelo, a msonkhano wa kalabu ndi obwezera ngongole alembedwe pa kalendala yopachikidwa poonekera. Belu la pa foni liikidwe kuti lizilira pa nthaŵi yothirira nazale kapena yomwa mankhwala, pakuti belu likakumbutsa palibe amene amakwiya nalo.

Ntchito yaikulu idulidwe m'ndime zazifupi zooneka mathero: mizere khumi, kupuma pang'ono, mizere ina khumi. Munthu wotere amagwira bwino ntchito pamene wina ali pambali pake, choncho kusankha fodya aŵiri m'chigafa chimodzi kumapindula koposa kumsiya yekha ndi mulu wonse. Pomuuza chinthu, ayambe waitanidwa ndi kuyang'anana naye maso, auzidwe chimodzi pa nthaŵi imodzi, ndipo achibwereze ndi pakamwa pake. Ntchito za pakhomo zigaŵidwe motsata mphatso: amene ali ndi mutu wa maŵerengero asunge buku la ndalama, amene ali ndi mphamvu ndi luso la manja atenge zofuna mphamvu ndi luso. Pa za ndalama za fodya, aŵiriwo apangane nyengo ya msika isadafike, pamene mitima ili pansi, kuti za sukulu ndi za feteleza zichotsedwe tsiku loyamba, ndi kuti chinthu chachikulu chisagulidwe tsiku lomwe chaonedwa. Pangano lotere likhale lomvana, lopanda kulandana ulemu. Kugona mokwanira, kugwiritsa ntchito thupi ndi kupeŵa moŵa kumachepetsa zizindikiro, pamene kuchezera usiku ndi kuledzera kumazikulitsa.

Kuyamika nako ndi mankhwala. Munthu amene wamva zonyoza zokhazokha kwa zaka 30 amafika potaya mtima, ndipo mau amodzi oyamika ntchito imene yatha bwino amamlimbitsa koposa kulalata kwa sabata lathunthu. Anthu ambiri a vutoli ndi olimba mtima pa nthaŵi ya ngozi, ochereza alendo, aluso pa zamanja ndi pa malonda, ndipo banja limene laphunzira kugwiritsa ntchito mphatso zimenezi limapita patsogolo.

Komabe pali malire oyenera kunenedwa poyera. Vutoli limafotokoza chifukwa chake munthu amaiŵala ndi kupupuluma, koma silimchotsera udindo. Amene wazindikira vuto lake ali ndi ntchito yofuna chithandizo, yotsata mapangano ndi yopepesa akalakwa. Kumenya, kuopseza ndi kuzunza a pabanja si zizindikiro za kusakhazikika kwa maganizo, ndipo wochitiridwa nkhanza ali ndi ufulu wokadandaula kwa ankhoswe, kwa mfumu ndi ku polisi. Nayenso wosamala mnzake asadziiŵale. Mutu umodzi susenza denga; afunika mbale kapena bwenzi womuuza zakukhosi, ndi nthaŵi yopumula.

Pomaliza, banja limene lazindikira vutoli mwa bambo kapena mai liyang'anenso ana ake, popeza limayenda m'magazi. Mwana amene aphunzitsi akumdandaula chaka ndi chaka kuti samvetsera, sakhala pansi ndipo samaliza ntchito, asangothera pa chikwapu. Makolo akambirane ndi aphunzitsi kuti azikhala kutsogolo kwa kalasi, ayezetse maso ndi makutu ake, ndipo zikapitirira apite naye ku chipatala. Mwana wothandizidwa ali wamng'ono amakula akudziŵa kuti ali ndi nzeru monga anzake, ndipo pofika pa msinkhu womanga banja amakhala ataphunzira kale njira zoyendetsera maganizo ake.